Oledzera Anayi ndi Chitsime cha a Laurenti

Simenti inali itagulidwa kale. Matumba awiri anatsamira khoma m'kalasi momwe komiti ya zaumoyo imakumanira, ndipo aliyense m'dera lija la ku Bangwe ankadziwa kuti Loweruka akatseka nayo pakamwa pa chitsime cha a Laurenti. Ankangodikira chinthu chimodzi, mawu a Mirriam, kapena tinene kuti mawu a laputopu yake.

Tayifodi inalowa m'deralo mvula itangosiya. Ana ankatentha thupi masabata, mimba zikupota, ena mpaka kugonekedwa kuchipatala. Kumeneko mipopi ikauma, ndipo imauma kawirikawiri, anthu amatunga malo awiri: chitsime cha a Laurenti kumunsi kwa khwawa, ndi thanki yobiriwira ya pamsika imene galimoto imadzathiramo madzi. Nyumba zambiri zimatunga konse kuwiri, lero uku mawa uko, kutengera kutalika kwa mzere. Madzi anakayezedwa. Konse kuwiri anapezamo uve, koma kachirombo ka tayifodi sikagwidwa wamba m'botolo. Ndiye bungwe lina laling'ono lofufuza zaumoyo, kumene Mirriam ankagwira ntchito ya ziwerengero, linayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti wadwala ndani, anayamba liti, ndipo masiku a m'mbuyo mwake munatunga kuti. Mayankho onsewo anawathira mu kompyuta kuti masamu aloze kochokera matenda.

Anthu sanadikire masamu. Iwo anali ataloza kale. Chitsime chili kumunsi, zimbudzi zili kumtunda, ndipo mwini chitsime ndi munthu wosaseka ndi anzake.

A Laurenti anali apongozi a Mirriam. Mwana wawo Gabriel, mwamuna wa Mirriam, atamwalira pa ngozi ya minibasi, iwo anafika ndi pikapu dothi la pamanda lisanaume, n'kunyamula firiji, mipando, bedi ndi wailesi. Mirriam anagona pamkeka miyezi ingapo, kenako anagula bedi lina. Sanalire pagulu, sanakasume kulikonse. Anangosiya kuponda pa puloti yawo, ndipo akakumana kutchalitchi ankapatsana moni wa anthu okumana pa depoti.

Ntchito ya Mirriam inali yovuta kuifotokoza, ndiye anaipezera kafotokozedwe kake. Ankati, tangoganizani kuti mayankho onse otheka ndi dziko la zitunda ndi zigwa. Yankho logwirizana bwino ndi zimene anthu anatiuza lili pansi, losagwirizana lili pamwamba. Dzikolo ndi lalikulu, simungaliyende lonse. Ndiye mumatumiza munthu woledzera. Iye amamva ndi mapazi kumene kwatsetsereka n'kuponda cha komweko, koma pa sitepe iliyonse amadzandira pang'ono, kumanja kapena kumanzere, mosadziwika. Kutsetserekako kumamutsitsira m'chigwa, kudzandirako kumamuletsa kuima malo amodzi. Mukamusiya nthawi yokwanira, kumene wakhalitsa ndiye kuli yankho. M'mabuku njirayi ili ndi dzina lachizungu, ndipo woyendayo amamutcha tcheni. Mirriam ankangoti oledzera anga.

Nkhani yonse yagona pa mawu akuti nthawi yokwanira. Woledzera sanena kuti ndafika.

Lachitatu m'mawa Duncan, bwana wake wa kuntchito, anaimba foni. Ndiye analemba pulogalamuyo, mnyamata wanzeru zake, wophunzira kunja, wokonda kumaliza zinthu.

"Zakonveja, Mirriam, oledzera anu afika. Matcheni onse anayi akuloza chitsime. Lembani lipoti, Loweruka mukawauze."

"Mwachangu chonchi?"

"Masamu ake alipo. Liwiro limadziwika, ndipo masitepe amene pepala la akatswiri lija likunena tawadutsitsa kale. Mukufunanso chiyani, kalata ya bishopu?"

Mirriam anatsegula zithunzi za mayendedwe a oledzerawo. Mizere inayi inagona pamodzi mwaudongo, wina pamwamba pa mnzake, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Udongo umenewo ndi umene unamukayikitsa. Oledzera enieni sayenda ngati asilikali. Anakwera pamwamba pa pulogalamuyo, pamene amalemba poyambira, ndipo anaona. Onse anayi anayambira malo amodzi, pafupi ndi yankho loti chitsime.

Duncan sanachite zimenezo mwankhanza. Magetsi ankazima tsiku ndi tsiku, batire ya laputopu inafa kalekale, ndipo magetsi akazima ntchito imathera pomwepo. Pofuna kufupikitsa ulendo, iye anawaimika pamene aliyense ankanena kale kuti ndi pomwe akathere.

Mirriam anabweza foni.

"Bwana, oledzera anu onse mwawatulutsira m'shabini imodzi. Pakhomo pa chitsime penipeni."

"Ndi magetsi ake awa mukufuna ayambire ku Mulanje? Safika."

"Pepala lanu lija likunena za dziko looneka ngati beseni. Beseni limodzi, kulikonse kumene wayambira umatsikira pakati. Nanga ngati zigwa zili ziwiri, pakati pali chitunda?"

Kumbuyo kwa Duncan kunkamveka wina akukoka mpando.

"Ngati zili ziwiri, liwiro lija silitikhudza. Atha kukhala mbali imodzi mpaka Khirisimasi."

"Ndiye mboni zinayi za m'nyumba imodzi zagwirizana. Ndikalembe zimenezo?"

"Mirriam, ana akudwala."

"Ndikudziwa. Ndimakhala konkuno ine."

Sikuti anawamvera chisoni a Laurenti. Anadzifunsa, n'kupeza kuti chisonicho mumtima mwake mulibe. Chitsimecho chinali moyo wawo wonse, ankathirira nacho mpiru ndi tomato wa kumsika, ankaumbira nacho njerwa, koma Mirriam sanataye tulo ndi zimenezo. Chimene chinamuvuta ndi choti simenti ikauma siitsegulidwanso, ndipo ngati matenda ali mu thanki, anthu onse otunga pachitsime akathamangira komweko.

Ananyamula laputopu n'kupita ku baba shopu ya Sulaiman pafupi ndi siteji ya minibasi. Sulaiman anali ndi sola padenga ndi batire yaikulu pansi pa benchi, ndipo magetsi ake sankafunsa chilolezo kwa aliyense.

"Asisi, mwabwera kudzameta kapena kudzaba magetsi?"

"Kudzaba. Mpaka Loweruka."

"Chimenechi chikuchita chiyani? Sichiimba nyimbo, sichionetsa mpira."

"Chikuyendetsa oledzera."

"Eee, ndiye chisatisanzire muno, ndangokolopa kumene."

Mirriam anatulutsa oledzera ena anayi. Awa anawayambitsira mbali ya thanki ndi kutali kwina kosadziwika. Anaika laputopu pa shelefu pakati pa spiriti ndi mabulashi, n'kuisiya ikufufuma mpweya wotentha. Lachinayi anabwera kudzaona. Lachisanu anabweranso. Wina mwa atsopanowo anatsikira kuchitsime, koma atatu anakhazikika pa thanki, ndipo anakhala pamenepo molimba mtima chimodzimodzi ngati anzawo aja a kuchitsime. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawoloka chitunda, kupita kapena kubwera. Kompyuta imodzi, mayankho a anthu omwewo, koma magulu awiri, lililonse likulumbira zake.

Loweruka kalasi inadzaza. Azimayi anakhala pa madesiki a ana, mawondo akugunda matabwa. Amuna anaima kumbuyo ndi m'mawindo. Mmisiri anali atabwera kale ndi fosholo yake. A Laurenti anakhala pakona atavala jekete ya kutchalitchi, chipewa chili pa bondo, akuyang'ana bolodi ngati palembedwa kanthu.

Mayi Olive, wapampando wa komiti, anawomba m'manja. Anali mayi wamkulu thupi, wogulitsa nsomba zouma pamsika, wozolowera kuti akalankhula anthu amamva.

"Mayi Gabriel, tiuzeni. Makina anu akuti chiyani?"

Mirriam anaimirira.

"Makina sanadziwebe."

Kalasi inachita phokoso ngati wina waponya mwala pa denga.

"Sanadziwe bwanji? Si Lachitatu tinamva kuti zatheka?"

"Munamva bwino, amayi. Koma tinawafunsa molakwika. Tinawaimika pachitsime n'kuwafunsa kuti muli pati, iwo n'kuyankha kuti pachitsime. Nditawaimika pa thanki akuti pa thanki. Mpaka magulu awiriwa atakumana, ine dzina langa sindiikapo."

"Akuteteza apongozi ake!" anakuwa mayi wina kumbuyo.

Mirriam anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Apongozi anga omwewa anandinyamulira ndi bedi lomwe, nonse munaona pikapu. Ikanakhala nkhani ya mtima wanga, simentiyo ndikanakanya ndekha, ndi manja."

Anthu anaseka, ena akumenyana m'mapewa. A Laurenti sanasinthe nkhope. Anangotembenuza chipewa pa bondo.

"Nanga titani?" anafunsa mayi Olive. "Tidikire makina ana akutha?"

"Ayi. Tsekani konse kuwiri, koma ndi loko, osati simenti. Lata pamwamba pa chitsime, loko. Pa mpopi wa thanki, loko. Makiyi musunge inuyo."

"Ndiye tikamwa chiyani, makina anuwo?"

"Mjigo wa kusukulu ulipo."

"Kumtunda kuja? Ndi ndowa pamutu? Inu mumatunga liti madzi, mayi a laputopu?"

Funsolo linali loona. Mirriam madzi ankachita kugula kwa a njinga.

Anakangana mpaka dzuwa linafika pamutu. Mwini thanki anaopseza kuti akaitana loya amene aliyense ankadziwa kuti alibe. Mmisiri anafunsa ngati tsiku lake latayika chabe. Pomaliza mayi Olive anamenya desiki.

"Sabata imodzi. Loweruka likubwerali, makina adziwe asadziwe, simenti ikagwira ntchito pachitsime. Siibwerera kusitolo."

Lolemba Duncan anatsika minibasi pa siteji atanyamula chikwama kumsana, n'kulowa mu baba shopu. Sanapepese ndipo Mirriam sanayembekezere kupepesa. Anakhala pa benchi ya odikira kumeta, laputopu pa miyendo, tsitsi la anthu likuwagwera pa nsapato. Poyamba anatalikitsa sitepe kuti oledzera azilumpha kwambiri. Analumphadi, kupitirira chigwa, kupitirira dziko lomwe, manambala n'kusanduka zopanda mutu. Anafupikitsa sitepe. Oledzera anayamba kukwawa ngati nkhono, osachoka pamene ali.

"Vuto si sitepe," anatero Duncan akupukuta magalasi. "Chitunda chatalika. Kudzandira kwawo n'kochepa, sangachikwere."

"Ndiye tiwaonjezere kachasu."

"Ena okha. Oledzeretsa kwambiri aziyendayenda pamwamba, osamva kutsetsereka kwenikweni. Akawoloka azisinthana malo ndi anzawo olongosoka. Tiziwerenga za olongosokawo basi."

"Inu anthu ophunzira," anatero Sulaiman lumo lili m'manja, "mwakhala tsiku lonse mukukambirana zogulira mowa anthu oti kulibe. Ine kasitomala weniweni ali apa, Fanta simunamugulire."

Duncan ndi Mirriam anailembanso pulogalamuyo, n'kuyambitsa onse mwatsopano, aliyense malo ake, wina kutali ndi mnzake. Duncan anakwera minibasi kubwerera mtauni.

Sabata imeneyo azimayi anakwera mtunda wa kusukulu ndi ndowa, ndipo podutsa pa baba shopu ankakweza mawu kuti a m'katimo amve. Ina inali nyimbo, ina inali miseche wamba. Mwana wina anadwalabe, koma anamwino anati ameneyo anamwa kachiromboko maloko asanaikidwe.

Lachitatu masana Mirriam anamva odi pakhomo pake. Anali a Laurenti, jekete yomwe ija, m'dzanja limodzi mtolo wa mpiru wofota, m'khwapa wailesi ya Gabriel.

"Mwana wanga," anatero. Anali asanamuitanepo choncho, ngakhale tsiku la ukwati. "Mpiru watsala ndi womwewu, wina wauma. Ndipo ichi chakhala kwathu nthawi yaitali. Ine sindimvera wailesi."

Mirriam anawapatsa mpando panja. Iye anaima.

"Bambo, ndisakunamizeni. Sindikugwirira ntchito inu."

"Eya, eya, pagulu umayenera kutero. Nkhani ya bedi ija unaiponya bwino, anthu anakhulupirira." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wosazolowera. "Chitsime chija anakumba bambo anga atangofika kuchokera ku Mozambique. Kuno kunali tchire. Amene akukuwa lerowa agogo awo anamwa pamenepo, palibe anafa."

"Nthawi imeneyo kumtunda kwanu kunalibe zimbudzi."

"Iwe ungomaliza ntchito yako. Magazi ndi magazi."

Anasiya wailesi pa mpando n'kumapita. Mirriam anaiyang'ana kanthawi. Madzulo ake anagula mabatire pa okala, ndipo wailesi inalira bwinobwino. Mpiru anaphika, chifukwa mpiru sunalakwe.

Lachinayi m'mawa oledzera anayamba kuwoloka. Pa chithunzi mzere umodzi unachoka pa thanki n'kugwera kuchitsime, wina unachoka kuchitsime n'kukacheza ku thanki, kenako n'kubwerera. Pofika Lachisanu anali atawoloka kambirimbiri, kupita ndi kubwera, ndipo sukanathanso kudziwa kuti uyu anayambira kuti. Apa ndi pamene Mirriam ankadikira. Anayang'ana kumene aliyense wakhalitsa. Onse ananena zofanana. Ku thanki kunali dzenje lakuya koma lopapatiza, lokola munthu akagweramo koma losasunga anthu ambiri. Chigwa chachikulu chinali cha chitsime. Pa magawo khumi a nthawi yawo, asanu ndi anayi ankathera kumeneko.

Anatumizira Duncan zithunzizo. Yankho linabwera msanga: "Ndiye ndinalondola." Mirriam analemba kuti, "Munalota bwino," kenako anafufuta, n'kungotumiza kuti lipoti alemba madzulo.

Asanalembe anatsika kukhwawa. Kanali koyamba kuponda pa puloti ija chimwalirire Gabriel. Mabedi a mpiru anali atasanduka udzu wouma, njerwa zosawotcha zitang'ambika padzuwa. A Laurenti anakhala pa chitsa pafupi ndi lata lokhoma lija. Atamuona anaimirira n'kuvula chipewa.

"Zatuluka, bambo. Ndi chitsime."

A Laurenti anapukusa mutu.

"Makina alakwitsa."

"Sabata yatha akanatha kulakwitsa. Panopa ndawayesa mbali zonse. Mpata woti ndi thanki ulipo, koma ndi wochepa. Ndanena ndibwere ndikuuzeni ndekha musanamve pagulu."

"Ndiye sabata yonseyi umandisungira chiyani? Ngati nkhuku ya Khirisimasi?"

"Ndinakuuzani Lachitatu."

"Unadya mpiru wanga."

"Ndinadya."

A Laurenti anavalanso chipewa n'kukhala pa chitsa, nkhope kuloza kukhwawa. Mirriam anakwera mtunda kubwerera.

Loweruka msonkhano sunatalike. Mirriam ananena zimene anapeza, ndi mpata wotsala wa thanki womwe, ndipo anapempha kuti thankiyo itsukidwe ndi mankhwala isanatsegulidwe. Mayi Olive anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye mwatikweza phiri sabata yathunthu kuti mutiuze zimene tinkanena kale?"

"Eya, amayi."

"Khosi langali mundilipira?"

"Ayi, amayi."

Anthu anaseka, ena anatukwana, ndipo onse anatsikira kukhwawa kutsatira wilibala. Thumba limodzi linali litayamba kuuma m'makona chifukwa cha chinyezi cha m'kalasi, mmisiri anachita kuliphwanya ndi fosholo akung'ung'udza. Anachotsa lata, anayala zitsulo ndi matabwa, n'kuthira konkire. Madzi okanyira anachokera ku mjigo wa kusukulu. A Laurenti sanatuluke m'nyumba. Pomwe dzuwa linkapendeka, pamene panali chitsime panali chiguwa chotuwa, ndipo mayi wina anali atalembapo kale chaka ndi kamtengo.

Mirriam anakatenga laputopu kwa Sulaiman.

"Oledzera aja afika kwawo?"

"Afika."

"Ndiye muwauze asabwerenso. Batire yanga yawonda."

Lamulungu, Misa itatha, a Laurenti anafika pakhomo pa Mirriam. Sanaodire ndipo mpando anaukana.

"Ndabwerera wailesi ya mwana wanga."

Mirriam analowa m'nyumba. Wailesi inali pawindo, ikulira nyimbo za kwaya. Anaizimitsa, anatsegula kumbuyo, anachotsa mabatire ake n'kuwaika m'thumba la diresi. Kenako anaitulutsa n'kuipereka ndi manja awiri, atapinda bondo pang'ono monga amachitira mpongozi.